Momwe mungaphunzirire za moto wa m'tchire ndi kasamalidwe ka nkhalango

Maphunziro a moto wa m'tchire amayendera udzu. Kuyambira Disembala mpaka Epulo udzu ukadali wauwisi, ndiye nthawi ya mabuku, mafomu ndi ntchito ya kunazale. Mu Meyi, Juni ndi kuchiyambi kwa Julayi udzu umakhala ukufota koma usanaumiretu, ndipo imeneyi ndi nyengo yokhayo imene munthu watsopano angaloledwe kuyatsa moto ndi kuona mayendedwe ake popanda kuika moyo pachiswe. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba moto umakhala wa akatswiri. Mukaphonya miyezi yapakatiyo mwataya chaka chathunthu, ngakhale mutakhala ndi masatifiketi odzaza envulopu. Choncho zonse zili m'munsimu muziyale pa kalendala.

Poyamba, sankhani khomo lolowera

Kuno kwathu za moto zimaphunzitsidwa mkati mwa maphunziro a zankhalango. Malawi College of Forestry and Wildlife ku Dedza, kufupi ndi nkhalango ya Chongoni, imapereka satifiketi ndi dipuloma, ndipo alangizi ambiri a zankhalango a boma anadzera kumeneko. Digiri ya zankhalango ili ku Mzuzu University ndi ku LUANAR ku Bunda. Kuyunivesite amafuna MSCE ya makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo ngati masamu ndi sayansi zinakuvutani, yambani mwabwereza mayesowo. Ochokera kusekondale amafunsira malo kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ndipo za ngongole ya fizi mukazipeza ku Higher Education Students' Loans and Grants Board.

Ngati mtima wanu uli pa ntchito ya m'tchire, ndikadakulangizani kuyamba ndi dipuloma, digiri ibwere pambuyo. Wadipuloma amagwira khasu ndi chingwe choyezera msanga. Wa ku Mzuzu naye ali ndi mwayi wake: Chikangawa ili pafupi, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 53,000 imene inadzalidwa paini poyembekezera fakitale ya zopangira mapepala yomwe sinamangidwe, ndipo moto wakhala ukuisakaza chaka ndi chaka. Aliyense wofuna kumvetsa chimene moto umachita mu paini akaone kumeneko.

Amene alibe MSCE asataye mtima. Pitani ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu mu Epulo, mufunse mlangizi wa dera lanu kuti komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi iyamba liti kulambula, ndipo mulowe nawo. Maesiteti a tiyi ndi makampani a mitengo amalembanso aganyu olambula ndi olondera moto nyengoyi ikayandikira. Pa phiri la Mulanje, kumene moto ndi mdani wamkulu wa mkungudza, ntchito yolambula njira zotchinga moto imagwiridwa ndi anthu a m'midzi yozungulira mothandizana ndi Mulanje Mountain Conservation Trust ndi Dipatimenti ya Zankhalango. Malipiro ake ndi ochepa, koma mumaphunzira pafupi ndi akapitawo amene aona moto wa Okutobala kwa zaka zambiri.

Chenjerani ndi timasukulu tolengeza pa WhatsApp kuti tikuphunzitsa "fire and safety" kwa masabata awiri. Tambiri timaphunzitsa kuzimitsa moto wa m'nyumba ndi m'mafakitale, ntchito yosiyana kotheratu ndi ya m'tchire, ndipo tina n'tosalembetsedwa. Funsani ngati ali m'kaundula wa NCHE kapena wa TEVETA. Akakuuzani kuti fizi mutumize pa nambala ya foni ya munthu m'malo mwa akaunti ya sukulu, ndalama yanu isungeni.

Chachiwiri, werengani mvula isanathe

Zoti moto umafuna mpweya, kutentha ndi choyaka munaziphunzira ku pulayimale. Chimene mukufunika tsopano ndi kudziwa chifukwa chimene moto umodzi umakwawa pomwe wina umathamanga kuposa munthu. Zimenezi zimatengera zinthu zitatu: choyakacho, nyengo ya tsikulo, ndi kapendekeke ka malo.

Udzu wouma umasintha msanga kwambiri. Umatenga chinyezi kapena kuchitaya mkati mwa ola limodzi, pomwe chipika chimatenga masabata. N'chifukwa chake tsekera amene anakana kuyaka 7 koloko m'mawa amalilima pofika 11 koloko. Pa chitunda, moto wokwera umawirikiza liwiro kawiri pa madigiri 10 alionse a kupendekeka, chifukwa malawi amaweramira udzu wakutsogolo n'kuuwumitsa usanafikiridwe. Pa nyengo sungani manambala atatu ofanana: kutentha kupitirira madigiri 30, chinyezi cha mumpweya kutsika pansi pa 30 peresenti, mphepo kupitirira makilomita 30 pa ola. Zitatuzi zikakumana, musayatse kanthu kalikonse.

Zowerenga zaulere zilipo. Pa webusaiti ya NWCG, bungwe la za moto wa m'tchire la ku America, fufuzani kosi yotchedwa S-190, yofotokoza mayendedwe a moto wa m'tchire. Miyeso yake ndi ya mafiti, mamailosi ndi Fahrenheit, ndiye khalani ndi pepala losinthira, ndipo musasokonezeke ndi mitengo yawo. FAO elearning Academy ili ndi makosi aulere a kasamalidwe ka nkhalango ndi kubwezeretsa malo oguga. Zonsezi zimadya bandulo, choncho zotheka kudawunilodi muzitengeretu pamene mwapeza intaneti yotchipa.

Za nkhalango zathu za miombo, fufuzani kafukufuku wa ku Ndola ku Zambia, amene anayamba m'zaka za m'ma 1930. Anagawa nkhalango m'zigawo: china ankachitentha chilimwe chitangoyamba, china kumapeto kwa chilimwe, china osachitentha konse. Chotenthedwa mochedwa chinataya mombo ndi mchenga n'kutsala udzu ndi mitengo yopirira moto monga mlombwa, pomwe chotenthedwa msanga chinakhalabe nkhalango. Mfundo yonse yotentha msanga imene alangizi amalalikira inakhazikika pa zoterezi. Koma isakusokeretseni: yagwira ntchito mu miombo, ndipo paini ndi bulugamu wachichepere safuna moto uliwonse.

Chachitatu, zovala ndi zida

Valani za thonje basi, malaya a manja aatali ndi thalauza. Nayiloni ndi poliyesitala zimasungunuka n'kumatirira pakhungu. Pa kaunjika werengani kachikwangwani ka m'khosi, chifukwa maovolosi ambiri onyezimira otchipa ndi osakaniza ndi pulasitiki ngakhale wogulitsa alumbire kuti ndi ochokera kumigodi. Kumapazi jombo zachikopa. Magambutsi a rabala amatentha ndi kufewa pa phulusa lamoto. Onjezani magolovesi achikopa, chipewa, kansalu ka thonje kotchinga mphuno, ndi botolo lanulanu la madzi akumwa.

Zida zake ndi khasu, chikwakwa, chikwanje, reki yachitsulo, chomenyera moto ndi sipuleya ya kumsana ya malita 16 kapena 20. Chomenyera musagule. Pezani chidutswa cha lamba wakale wa makina, mucheke mizere kumapeto kwake, mumangirire ndi mabawuti ku mpini wautali. Nthambi zaziwisi zimathandiza pangozi, koma zimafota pa mphindi zochepa kenaka nazo zimayaka. Sipuleya imene inapoperapo mankhwala a thonje kapena a fodya itsukidwe bwino, ndipo munthu asamwemo ngakhale ludzu litakula bwanji. Poyatsira, amene ali ndi drip torch, kachitini kodonthetsa mafuta oyaka, amasakaniza magawo 3 a dizilo ndi gawo limodzi la petulo. Petulo akachuluka chidacho chimaphulika moto kukamwa. Amene alibe amagwiritsa muuni wa udzu womanga bwino.

Chachinayi, kutentha fayabuleki (njira yotchinga moto) koyamba

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amapsereza munda wa mwini kapena nkhalango yomwe amati aiteteze, ndiye tichedwepo. Musachite nokha. Pakhale munthu amene wachitapo ntchitoyi nyengo zingapo, ndipo mawu omaliza akhale ake.

Yambani ndi anthu. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe zilango zake anaziwonjezera mu 2020, limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo, ndiye ofesi ya zankhalango idziwe. Amfumu adziwe tsiku lake, eni minda yoyandikana adziwenso. Funsani ngati amayi amaliza kumweta udzu wofolera m'deralo, chifukwa mukawatenthera udzu umenewo, chaka chamawa sadzabwera kudzakuthandizani kuzima. Yendani malo onse dzulo lake, muone pamene pali ming'oma ya njuchi, milu ya mapesi, nkhokwe, mawaya a magetsi, ndipo makamaka manda. Moto ukalowa mu msitu wa kumanda, mlandu wake suthera pa kupepesa.

Kenaka lambulani mizere iwiri yoyendera limodzi, uliwonse wa mamita awiri m'lifupi, mpaka dothi lioneke. Pakati pake siyani gawo la udzu la mamita 10 m'lifupi kapena kuposerapo. Umenewo ndi umene mutenthe, ndipo ukapsa mumakhala ndi njira yotakata imene moto wa Okutobala sungailumphe mosavuta. Pamene pali tsekera wopitirira munthu, kapena pa chitunda, kulitsani. Udzu wolambulawo muumwaze mkati mwa gawo lotenthalo. Anthu amakonda kuunjika m'mphepete mwa mzere chifukwa n'kosavuta, koma mulu wotere umatulutsa malawi aatali pamalo enieni amene mukufuna moto wofooka, ndiponso umasunga moto mpaka mawa.

Yesani udzuwo ndi dzanja. Ukakhala wachikasu pamwamba koma wobiriwira kutsinde, n'kumapindika osathyoka, moto wake uyenda pang'onopang'ono n'kumasiya zigamba. Umenewo ndi wophunzirira. Ukamathetheka m'manja ngati mapesi, mwachedwa, asiyireni akatswiri.

Nthawi yoyatsa ndi cha m'ma 4 koloko madzulo. Ambiri amasankha m'mawa poganiza kuti kukuzizira ndipo anthu ali ndi mphamvu. Vuto lake ndi loti m'mawa zinthu zimanka ziipiraipira: mame akuuma, chinyezi chikutsika, mphepo ikudzuka, ndipo moto umene munayatsa uli wofatsa umakula nthawi imene gulu latopa ndipo madzi atha. Madzulo nyengo imakhala mbali yanu. Kutentha kukutsika, chinyezi chikukwera, ndipo mame ausiku amakumalizirani ntchito. Tsiku limene a zanyengo alengeza za mwera, ingoimitsani.

Gawanani ntchito musanayatse. Pakhale wolamula mmodzi, woyatsa mmodzi, omenya anayi kapena asanu, a masipuleya awiri, ndi mlonda woima pamalo okwera amene ntchito yake ndi kuona utsi ndi mphepo, osagwira chida chilichonse. Aliyense auzidwe njira ziwiri zothawira ndi malo okasonkhana. Malo otetezeka ndi opanda choyaka, otalikirana ndi moto kanayi kutalika kwa malawi ake. Muwerengane musanayambe ndiponso mukamaliza.

Yatsani kamoto koyesera pakona ya kumene mphepo ikupita, muone kutalika kwa malawi ndi kumene utsi ukupita. Malawi akapitirira m'chiuno, zimani, mubwere tsiku lina. Zikakhala bwino, woyatsa ayende m'mphepete mwa mzere wa mbali imeneyo, kuti moto uzibwerera cham'mbuyo molimbana ndi mphepo. Moto wotere ndi waufupi ndipo umayenda mwaulesi. Dikirani mpaka lupsa litakula mamita atatu kapena anayi, ndiye muyatse mzere wina chapatsogolo pang'ono kuti ukazimire pa lupsalo. Pa chitunda yambirani pamwamba kutsika. Kuyatsira m'munsi ndiko kuupatsa moto njira yothamangira.

Cholakwika chofala kwambiri ndi woyatsa kuthamanga. Ntchito yake ndi yopepuka, ya omenya ndi yolemera, ndiye pakangopita mphindi khumi amapezeka ali patali, atasiya mzere wamoto wautali woposa umene gulu lingaulondere. Asatalikire omenya kupitirira mamita 20 kapena 30, ndipo wolamula akati aime, aime.

Cholakwika chachiwiri ndi maso. Aliyense amayang'ana moto chifukwa ndi umene ukuwala, pomwe mbaliwali ikugwera kumbuyo kwawo, kutsidya kwa mzere. Munthu mmodzi aziyenda m'mbuyo mwa onse atafulatira moto, maso ali ku udzu wosapsa. Kamoto kolumpha kakaoneka kali kakang'ono ngati lichero, munthu mmodzi amakazima. Pakapita mphindi ziwiri kamafuna gulu lonse.

Chachitatu ndi zigwembe ndi timakwawa. Mphepo imapanikizika m'menemo n'kukokera moto kumtunda mwaliwiro, ndipo udzu wake umakhala wautali. Musaime pamwamba pa chigwembe pamene moto uli m'munsi mwake. Onaninso kamvuluvulu pa lupsa lotentha: amanyamula zinyalala zoyaka n'kukaziponya patali.

Kamenyedwe nako kali ndi luso. Chomenyera chisakwere kupitirira phewa, chifukwa mukachikweza mumakupizira moto ndi kumwaza mbaliwali. Menyani motsitsa, mukukankhira phulusa ku mbali yopsa, anthu awiri kapena atatu mosinthana pamalo amodzi. Wa sipuleya atsogole, alunjike patsinde pa malawi mwa kapoperedwe kakafupikafupi, omenya atsatire. Malita 16 amatha pa mphindi zochepa ngati mupopera mosalekeza, ndiye mgolo wodzazira ukhale pafupi.

Moto ukapulumuka, musauthamangire kutsogolo. Malawi akaposa mita imodzi ndi masentimita 20, zida za m'manja sizingaugonjetse kumutu kwake. Yambirani kumchira, mutsate m'mbali zonse ziwiri mutaponda lupsa, mpaka muupanikize. Kumbukirani kuti mphepo ikakhota, mbali yaitali ija imasanduka mutu nthawi yomweyo. Zikafika poipa lowani pamalo opsa kale. Musathawire kumtunda, ndipo musathawire mu udzu. Zoyatsa moto wina kuti ukakumane ndi wolusawo mudzazimva kwa akapitawo, koma si za chaka choyamba. Zikalakwika mumakhala ndi moto uwiri, anzanu ali pakati.

Malawi akazima ntchito sinathe. Zitsa, zipika zofumbwa, ndowe zouma, masamba a paini ounjikana ndi dothi lakuda la m'dambo zimanyeka mwakachetechete usiku wonse. Yendani mzere wonse, mukankhire zipika mkati mwa lupsa, mukwirire zitsa ndi dothi, muyandikize kuseri kwa dzanja pa phulusa kuti mumve kutentha. Zigamba za udzu zotsala pafupi ndi mzere zitenthedwe kapena zilambulidwe, pakuti kumene kwatsala tchire ndi komwe kumapita moto. Mawa lake anthu awiri abwererenso masana dzuwa lili paliwombo, osati m'mawa, chifukwa chitsa chobisa moto chimadzuka kukatentha. Moto wina umene anthu amanamizira osaka mbewa umachokera pa fayabuleki ya dzulo imene sinayenderedwe.

Chachisanu, lembani zonse

Gulani kope lolimba. Pa moto uliwonse lembani tsiku, malo, nthawi yoyatsa ndi yozima, kutentha, chinyezi, kumene mphepo imachokera, mtundu wa udzu, kutalika kwa malawi, ntchito imene munagwira, ndi chimene chinavuta. Wolamula asaine. Kachipangizo ka Kestrel koyezera nyengo n'kabwino koma n'kodula. Koyezera kutentha ndi chinyezi kotchipa kamakwanira, bola muyezere pamthunzi. Mukazolowera, phunzirani kuwerengera Lowveld Fire Danger Index ya ku South Africa, imene imagawa tsiku m'mitundu isanu kuchokera pa buluu, wa 0 mpaka 20, kufika pa ofiira, wa 76 mpaka 100. Kope limeneli ndi limene lidzakuyankhulireni pa intaviyu.

Chachisanu ndi chimodzi, mapu ndi setilaiti

Tsegulani webusaiti ya FIRMS ya NASA, ndi yaulere. Imaonetsa madontho a moto patangopita maola pafupifupi atatu setilaiti itadutsa, ndipo mutha kulembetsa kuti izikutumizirani imelo moto ukabuka m'dera lanu. Madonthowa amachokera ku makamera a pa setilaiti otchedwa VIIRS ndi MODIS: dontho la VIIRS limaimira malo a mamita 375, la MODIS kilomita imodzi. Musaikhulupirire kwambiri: VIIRS imadutsa cha m'ma 1 koloko masana ndi usiku, ndiye moto woyatsidwa madzulo n'kuzima usiku usanakule suoneka, ndipo mitambo imaubisa. Poyeza kukula kwa lupsa gwiritsani zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2 mu pulogalamu ya mapu ya QGIS. Maphunziro a ARSET a NASA amafotokoza kachitidwe kake kwaulere. Za kafukufuku wa mitengo ndi mbewu zake, Forestry Research Institute of Malawi (FRIM) ku Zomba ndiye kofunsa.

Pomaliza, ofuna kupitiriza kunja

Nelson Mandela University ku George, ku South Africa, ili ndi Higher Certificate in Veldfire Management komanso dipuloma ya zankhalango, ndipo pa za moto ndiyo yoyamba kuiganizira m'chigawo chino. Digiri zapamwamba zili ku Stellenbosch University ku South Africa, ku Sokoine University ku Morogoro ku Tanzania ndi ku Copperbelt University ku Kitwe ku Zambia. Bangor University ku Wales imaphunzitsa masitazi ya nkhalango za m'madera otentha pa intaneti, ndipo muziyang'ana zolengeza za thandizo la maphunziro za Commonwealth Scholarship Commission ndi DAAD ya ku Germany. Working on Fire, pulogalamu yozimitsa moto wa m'tchire ya ku South Africa, imalemba achinyamata a dzikolo, ndiye wina akakulonjezani malo kumeneko mutamulipira, ndi wakuba. A ku South Africa adzafuna kuti mapepala anu ayambe aunikidwa ndi SAQA, bungwe lawo lounika masatifiketi, ndipo zimenezi zimatenga nthawi, choncho yambani miyezi ingapo tsiku lotsekera mafomu lisanafike.